Mutu 6: Maiki ya m'Bokosi la Thabwa

1. Chenjezo

A Mawaya anatichenjeza Loweruka masana, tonse tili pomwepo, koma palibe amene anasunga mawu awo.

Anabwera kudzaona chipinda chimene mng'ono wanga ankafuna kusandutsa situdiyo yojambulira mawu. Chinali chipinda chosungiramo katundu kuseri kwa nyumba yathu ya lendi, chopanda siling'i, chokhala ndi windo limodzi loyang'ana kumpopi wa aneba.

Mng'ono wangayo timamutcha Kawailesi, chifukwa chibadwire pakamwa pake sipanathepo mabatire. Anamaliza sekondale chaka chapitacho ndipo ankakhala ndi ife. M'mawa ankataipa makalata a anthu pa kashopu ka makompyuta, masana n'kumathamangira kwa a Mawaya kukaphunzira ntchito.

A Mawaya ndi bambo wachikulire wokonza mawailesi ndi maampu mumsewu wa kumsika. Asanapume pantchito ankajambula mawu ku nyumba youlutsira mawu. Iwo anali atamulembera Kawailesi kalata yomuikira umboni ku situdiyo yaikulu ya mumzinda, imene imatenga ophunzira awiri okha pachaka. Kumeneko salandira munthu wopanda kalata ya mmisiri wodziwika. Kalatayo inali idakali m'thumba la jekete lawo. Anati akaipereka okha pamanja Lachisanu lotsatira, pochokera kuchipatala cha maso.

Atalowa m'chipindamo anaomba m'manja kamodzi n'kutchera khutu. Kenako anatiuza kuti tonse tikhale chete. Tinamva ndowa ikudzaza pampopi, firiji yathu ikung'ung'udza kuseri kwa khoma, njinga yamoto mumsewu, ndi mwana wanga akuyamwa chala kumbuyo kwanga. Mwanayo timamutcha Abwana, chifukwa akangolira nyumba yonse imaimirira.

"Mwana wanga, tamvera," anatero a Mawaya. "Maiki sagulira maso, amagulira chipinda. Pali yonyezimira ija ukuiona m'mavidiyo, amati kondensa. Imeneyo ndi kazitape: imamva zonse ndipo siisunga chinsinsi. M'chipinda chomangidwira ntchitoyi ndi yabwino kwambiri. Muno idzajambula malata, firiji ndi Abwana awa, woimba adzabwera pomalizira. Iwe gula maiki wamba ya m'manja, yakuda, yosaoneka bwino ija. Ndi yogontha pang'ono, imangomva amene waiyandikira pakamwa. Ndalama yotsalayo uike pa kabokosi kokweza mawu, kamene timati puriampu. Mawu akamatuluka m'maiki amakhala ofooka ngati khanda, ndipo kabokosiko ndi kamene kamawanyamula kukafika m'kompyuta. Kabokosi kotchipa ukakakweza kamabwera ndi phokoso lake, sssss, ngati mvula yapatali. Phokoso limenelo silichapika. Ndaona anyamata ambiri akugula chipewa chodula, nsapato alibe. Usakhale mmodzi wa iwo."

Kawailesi ankangoti "eya, eya", maso ali pafoni. Amuna anga, amene amayendetsa galimoto yogawa buledi m'masitolo, ankafunsa ngati situdiyoyo ingawajambule iwo akuimba besi. Ine ndinkawerenga zingwe zimene zinali pansi, chifukwa Abwana anali atangoyamba kukwawa ndipo chilichonse ankachiyesa ndi pakamwa.

2. Kusitolo

Lolemba ndinamuperekeza kusitolo ya zamagetsi pochokera kusikelo ya mwana. Ndalama imene anasunga chaka chonse inkakwanira njira imodzi yokha mwa ziwiri, ndipo wamalonda anaziyala zonse patebulo.

Kumanzere anaika zimene a Mawaya ananena: maiki yakuda ya m'manja ndi kabokosi kachitsulo, kolemera, kokhala ndi zopotokola ziwiri zokha. Sizinkakopa maso. Ukanaziona pamsewu sukanawerama.

Kumanja anatsegula kasutikesi kasiliva. M'katimo munagona maiki yagolide, yonenepa ngati botolo la mafuta odzola. Inali ndi chomangira chake chooneka ngati kangaude ndi kasefa kozungulira kotchinga pakamwa. Pambali anaikapo kabokosi kapulasitiki kowala magetsi abuluu, n'kunena kuti kameneko akungomupatsa ngati basera.

Wamalondayo ankadziwa ntchito yake. Anamuuza Kawailesi kuti kasitomala amalipira ndi maso, kuti palibe woimba amene angajambulitse chithunzi ali ndi maiki yonga ya mlaliki wa padepoti, ndiponso kuti masiku ano kompyuta imachotsa phokoso lililonse. Anamupatsa yagolideyo kuti aigwire. Kawailesi anaigwira ndi manja awiri ngati wapatsidwa mwana wa eni.

Ndinanyamula kabokosi kapulasitiki kaja. Kanali kopepuka ngati mulibe kanthu. Ndinamukumbutsa chapansipansi zimene tinauzidwa Loweruka.

"Achemwali, inu mumaopa ndi chithunzithunzi chanu chomwe," anandiyankha. "A Mawaya anaphunzira ntchito wailesi ikadali yaikulu ngati kabati."

Wamalonda anaseka kwambiri kuposa mmene nthabwalayo inkafunira. Analemba lisiti mwachangu. Pamwamba pa mutu wake panali chikwangwani chonena kuti katundu wogulidwa sabwezedwa. Ndinachiwerenga kawiri, koma sindinamuonetse Kawailesi, chifukwa ndinali nditauzidwa kale kuti ndine wamantha.

Pobwerera, mu minibasi, Kawailesi anakhala pampando wa pawindo atafungata kasutikesiko. Anandiuza kuti wapeza kale kasitomala woyamba, a Chiphaliwali, amene amaimba m'maukwati ndi m'misonkhano. Ankabwera Lachinayi masana kudzajambula nyimbo imodzi. Anandipemphanso kuti za kusitoloko ndisawauze a Mawaya mpaka nyimboyo itatuluka.

3. Kazitape m'nyumba

Lachiwiri lonse linathera kukhoma. Anakhomera mathireyi a mazira m'makoma, anapachika mabulangete athu awiri pawindo ndi pachitseko, n'kuimika matiresi akale pakona. Zingwe zonse ndinamuuza kuti azidutse m'mwamba, ndipo ndinaimirira pomwepo mpaka atatero.

Madzulo anandikhazika kutsogolo kwa maiki yagolide ija kuti ndiwerenge ndime ya m'nyuzipepala. Ndinawerenga bwino. Kusukulu ndinkawerenga nkhani pamzere Lolemba lililonse, ndisanakhale ndi pakati pa Abwana.

Atatsegula zimene anajambula, tonse tinasonkhana pakhomo pa chipindacho. Mawu anga analipo, koma ankamveka ngati ndikuwerengera m'ndowa. Pamwamba pake panali aneba akukangana za sopo, mawu ndi mawu, mpaka dzina la amene anaba sopoyo. Panali ntchentche, malata akuthetheka chifukwa cha dzuwa, ndi Abwana akuchita ntchikwi kuchipinda chogona. Chakumapeto kunamveka chinthu chikulira chapansipansi ngati galimoto yokanika kukwera phiri.

Amuna anga anavomera kuti imeneyo inali mimba yawo, ndipo anapempha kuti dzina lawo lilembedwe pa nyimboyo ngati woimba besi.

Kawailesi sanaseke. Anazimitsa firiji. Anakapempha aneba kuti atseke mpopi kwa mphindi khumi, ndipo iwo anamufunsa ngati madzi a mumpopiwo amalipira ndi iyeyo. Anayesa kuchotsa phokosolo pakompyuta. Phokoso litachoka, mawu anga anatsala ngati a munthu wolankhulira pansi pa madzi.

Lachitatu m'mawa anabwerera kusitolo. Wamalonda sanalankhule zambiri, anangoloza chikwangwani chija ndi cholembera.

Tsiku lomwelo a Mawaya ananyamuka kupita kumzinda, kwa mwana wawo wamkazi. Lachinayi ankakawachita opaleshoni ya diso. Lachisanu m'mawa ankakawamasula bandeji, kenako mwana wawoyo ankayenera kuwaperekeza ku situdiyo ija nthawi ya 10 koloko, chifukwa limenelo linali tsiku lomaliza kulandira makalata. Shopu anamusiyira Kawailesi kuti azitsegulira anthu odzatenga mawailesi awo. Atamufunsa za maiki, iye anayankha kuti akuganizabe.

4. Bokosi la thabwa

Lachitatu madzulo Kawailesi analowa m'nyumba mosalankhula, zimene sizichitika. Chikwama chake cha kusukulu anachinyamulira kutsogolo. Atachitsegula ndinaona bokosi la thabwa lofiirira, lokhala ndi kachitsulo kotsekera.

Bokosilo ndinkalidziwa. Tsiku lina nditapita kushopu kukatenga wailesi ya amuna anga, a Mawaya analitsitsa pashelefu ya pamwamba n'kutitsegulira ine ndi Kawailesi. M'katimo munaima maiki yaitali, yachitsulo chotuwa, yooneka ngati chokhuzira karoti. Zimene ananena tsikulo ndikuzikumbukira bwino.

"Iyi ndi maiki ya riboni. M'kati mwake muli kachitsulo kopyapyala kuposa khoko la anyezi, kolendewera pakati pa maginito awiri, kamene timati riboni. Munthu akamaimba, kachitsuloko kamanjenjemera, ndiwo mawuwo. Anzanga anandipatsa tsiku limene ndinapuma pantchito. Zaka makumi atatu ndinaimika anthu kutsogolo kwake, ena anamwalira kalekale, koma mawu awo anadutsa muno. Imeneyi siigonekedwa, siigwetsedwa, siiyendetsedwa pamphepo isanavundikiridwe. Koposa zonse, siiuziridwa. Oimba a pasiteji ali ndi matenda awo: ukangowapatsa maiki amayamba ndi fuu, fuu, kuti amve ngati ikugwira. Ya m'manja imapirira zimenezo. Iyi ukaiuzira kamodzi, kariboni kaja kamatanuka, ndipo sikabwereranso. Chinanso, mawu ake ndi apansi kwambiri, imafuna kabokosi kamphamvu. Wodziwa kuikamo riboni yatsopano ndikumudziwa mmodzi yekha, ndipo manja ake anayamba kunjenjemera. Muione ndi maso, ana anga, manja akhale kumbuyo."

Ndinamufunsa Kawailesi ngati anapempha. Anati ndi masana amodzi okha, ndipo Lachisanu lisanafike bokosilo likhala litabwerera pashelefu, fumbi lake lili pomwepo. Anandifotokozera kuti maiki imeneyo imamva kutsogolo ndi kumbuyo kokha, m'mbali siimva. Akaiika mwanzeru, mbali imodzi iyang'ana kumpopi, ina kufiriji, ndipo kazitape uja akhoza kupuma.

Ndinafunsa za kabokosi kamphamvu kamene a Mawaya ananena. Anati ka kushopuko n'komangidwa ndi zomangira pabenchi, sikachoka, koma kake kapulasitiki kayesetsa.

Ndinamuuza kuti awaimbire foni. Anati munthu amene akukonzekera opaleshoni samusokoneza ndi nkhani za maiki.

Ndinatenga bokosilo n'kuliimika pamwamba pa wadirobu, kumene Abwana sangafike, ndipo ndisanayambe kuphika ndinakaliyang'ana katatu.

5. Lachinayi masana

A Chiphaliwali anati afika 1 koloko, anafika 3 koloko. Anavala suti yoyera ndi mphete zitatu, ndipo pefyumu wawo analowa m'nyumba iwo asanalowe. Iwo ankamutcha Kawailesi "injiniya", ine "mayi a nyumba". Ataona mathireyi a mazira anafunsa ngati nkhuku zake zikubwera nthawi yanji.

Choyamba anafuna zithunzi. Anaima ndi maiki yagolide ija, maso atatsinzina, dzanja lili pamtima, ndipo Kawailesi anawajambula ndi foni kasanu ndi kawiri. Pamenepo wamalonda uja ananena zoona.

Kenako Kawailesi anachotsa yagolideyo n'kuimika ya riboni. Anawauza momveka kuti asaigwire ndiponso asaiuzire. Ine ndinamva. A Chiphaliwali ankayankha uthenga pafoni ndipo anagwedeza mutu mmene Kawailesi anagwedezera Loweruka lija.

Anavala mahedifoni n'kuyamba kuimba. Asanamalize mzere woyamba anaima, n'kunena kuti sakudzimva. Kawailesi anapotokola kabokosi kake mpaka theka. Anati sakudzimvabe. Anapotokola mpaka kumapeto. Ngakhale ine, ndili pakhomo, ndinamva mvula yapatali ija ikutuluka m'mahedifoni, sssss, mawu a woimba ali pansi pake ngati nyerere.

Kawailesi anaganiza kuti mwina chingwe chamasuka. Anagwada n'kulowetsa mutu pansi pa tebulo la kompyuta.

Ine ndinali nditaima pakhomo, Abwana ali kumbuyo, ndikuwagwedeza kuti asalire. Ndinaona zonse. A Chiphaliwali anaweramira maikiyo. Anaigogoda ndi mphete kawiri. Kenako anakoka mpweya, masaya awo n'kufufuma.

Ndinatsegula pakamwa. Koma ine ndine munthu amene ndimayamba ndaganiza mmene ndingamutchulire mlendo wamwamuna m'nyumba mwanga. Pamene ndinkati "bambo", iwo anali atauzira kale kawiri, ndi chifuwa chonse cha munthu woimba m'mabwalo opanda denga.

"Injiniya, chinthu chakochi ndi chakufa," anatero.

Kawailesi anatuluka pansi pa tebulo mofulumira mpaka anagunda mutu. Sanagwire pamene anagundapo. Anatenga mahedifoni, n'kuwauza kuti anene mawu alionse. Anamvetsera. Ananditcherezanso ine. Mawuwo ankamveka ngati a munthu amene watsekedwa pakamwa ndi pilo, ndipo pa liwu lililonse lamphamvu pankalira kanthu ngati ntchentche m'botolo.

Anayatsa tochi ya pafoni n'kuunika m'timabowo ta maikiyo. Ndinasuzumira naye. Kariboni kaja kanali katalendewera mbali imodzi, ngati chovala pachingwe chomasuka.

A Chiphaliwali sanamvetse chimene chachitika, ndipo Kawailesi sanawauze. Anati maiki zakale ngati imeneyo malo ake ndi kumyuziyamu, ndipo nyimbo yawo akajambulitsa kwa anthu odziwa. Ali pakhomo anatembenuka n'kumukumbutsa kuti awatumizire zithunzi zija.

6. Uphungu wa alamu ake

Amuna anga anafika dzuwa lisanalowe. Anatipeza pabalaza, bokosi lili patebulo pakati pathu, Abwana akusewera ndi supuni pansi. Kawailesi anawafotokozera zonse mwadongosolo, osasiya kanthu, ndi mawu ochepa kuposa amene ndinamumvapo chibadwire.

Iwo anavula nsapato, n'kukhala pampando. Si munthu woipa. Amamukonda mlamu wawoyo, ndipo ndi iwo amene anamulipirira mayeso omaliza. Uphungu wawo unachokera pamenepo.

Anati bokosilo libwerere pashelefu madzulo omwewo. A Mawaya amalitsegula kawiri pachaka, maso awo ndi amenewo, ndipo zinthu zakale zimafa zokha. Kalata iperekedwa mawa 10 koloko. Ikangoperekedwa, malo apezeka. Pambuyo pake, mwezi umodzi kapena iwiri ikapita, Kawailesi akhoza kuwauza mwaulemu, kapena kusunga malipiro ake oyamba n'kukakonzetsa mwakachetechete.

"Mlamu, chilungamo chimadikira, koma mwayi sudikira," anatero. "Malo awiri pachaka. Ukawataya amenewa, ukalamba ukutaipa makalata a maliro."

Kawailesi anayang'ana kwa ine. Ndinanena chimene ndinali nacho: kuti ndinawaona bambo aja akukoka mpweya, ndipo ndinachedwa kulankhula. Ndinati ngati pakufunika wouza a Mawaya, nanenso ndili ndi mbali yanga.

Anapukusa mutu. Anati si ine amene ndinakwera pampando kutsitsa bokosi pashelefu, ndiponso si ine amene ndinagula kabokosi kolephera kunyamula mawu. A Chiphaliwali anauzira chifukwa sankadzimva, ndipo sankadzimva chifukwa cha zimene iye anasankha Lolemba. Ananena zimenezi mosalira, ngati akuwerenga lisiti.

Kenako anatiuza chinthu chimene sanatiuzepo. A Mawaya asanaimate mu envulopu kalata ija, anamuwerengera. Sinanene zambiri za luso lake. Inangoti makutu ali nawo, ndipo zina aphunzira. Koma ndime yomaliza anaiwerenga kawiri.

"Analemba kuti, 'Mtsikanayu ndikhoza kumusiyira chilichonse changa n'kugona tulo.' Pansi pake anasaina dzina lawo. Alamu, mawa akapereka kalata imeneyo akhala atanama, ndipo wowanamitsa ndine, iwo asakudziwa. Anthu a ku situdiyo sakundidziwa ine. Akudziwa dzina lawolo."

Amuna anga anakanda m'mutu. Anati ngati zili choncho awaimbire foni, nkhani ithe.

7. Basi yoyamba

Kawailesi anaimba, ife tikumva. Anayankha ndi mwana wamkazi wa a Mawaya. Anati opaleshoni yayenda bwino, koma bambo agona, diso lili lomangidwa, ndipo adokotala anati asasokonezedwe mpaka mawa. Foni yawo ikhala yozimitsa mpaka atatuluka kuchipatala. Anafunsa ngati kushopu kuli bwino, ndiponso ngati pali uthenga woti awasungire.

Ndinaona amuna anga akumupangira Kawailesi chizindikiro ndi dzanja kuti anene kuti zonse zili bwino.

Iye anati uthengawo si wotumiza, ndipo anapempha kuti amuuze chipatalacho chili pati, ndi nthawi imene akawamasule bandeji. Analemba kuseri kwa lisiti ya kusitolo ija. Anathokoza n'kudula foni.

Ulendo wa kumzinda ndi wa maola asanu. Basi ya 6 koloko ikanamufikitsa kalata itaperekedwa kale. Inatsala ndi imodzi yokha, yonyamuka 4 koloko m'bandakucha, imene amakwera amalonda a kumsika waukulu.

Ndinanena zimene mayi aliyense anganene: kuti ndi mtsikana, kuti mumzindamo sanayendemo yekha, kuti padepoti nthawi imeneyo pamakhala anthu osadziwika. Ndinati adikire a Mawaya abwere, awauze kunoko. Anandiyankha kuti wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Akadikira, akhala akuwauza munthu amene sangathenso kusankha.

Anadzuka n'kuyamba kukonzeka, kunja kukadali kowala. Anabweza maikiyo m'bokosi mwake, choimirira. Anandipempha thaulo lofewa la Abwana, n'kukulunga bokosilo kawiri. Analiika m'basiketi yanga ya kumsika, m'mbali n'kutsekamo nyuzipepala kuti lisagwedezeke. Ndinamuuza kuti yawonongeka kale. Anati yawonongeka malo amodzi, asaiwonongenso pena.

Ndinamusitira bulauzi yoyera ndi siketi yakuda, zimene anavala pa tsiku lolandira satifiketi. Ndinalemba nambala ya amuna anga pakapepala n'kumuikira m'thumba, ngakhale amaidziwa pamtima.

Amuna anga ankationerera ali pampando. Anapumira m'mwamba, n'kunena kuti galimoto ya buledi imatuluka hafu pasiti 3, ndipo depoti ili panjira. Akamutsitsa pakhomo pa basi penipeni, ndipo sachoka mpaka ataona kuti wakhala pafupi ndi mayi wina. Kenako anamufunsa funso limene ine ndinkaopa kufunsa.

"Nanga akaing'amba kalatayo pamaso pako?"

"Ndi kalata yawo, alamu," anatero Kawailesi. "Akaing'amba ndibwera pa basi ya madzulo. Mukandifunsire ngati kubekale akufuna wopakira buledi."

Amuna anga anayamba kuseka, koma ataona nkhope yake anasiya. Kawailesi anatchera foni kuti imudzutse 3 koloko, n'kuika nsapato zake pakhomo, zoyang'ana kunja.